Msewu wa pansi pa nyanja ku Faroe: ntchito yaikulu ndi madzi

Zilumba za Faroe zili kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, pakati pa Iceland ndi Norway. Zilipo 18, ndipo anthu ake ndi oposa 50,000 pang'ono. Pa 19 Disembala 2020 anatsegula kumeneko msewu wa Eysturoyartunnilin, wa makilomita 11.2, wodutsa pansi pa nyanja kuchokera ku chilumba cha Streymoy, komwe kuli likulu la Tórshavn, kukatulukira ku Eysturoy. Ulendo wochokera ku Tórshavn kupita ku tawuni ya Runavík pa chilumba cha Eysturoy, womwe kale unkatha mphindi 64, tsopano ndi wa mphindi 16.

Ambiri amaganiza kuti ndi paipi yaikulu yogonekedwa m'madzi. Ayi. Msewuwu anauboola m'thanthwe lomwe lili pansi pa madziwo, ndipo pamalo ozama kwambiri uli mamita pafupifupi 187 kuchokera pamwamba pa nyanja. Kuzama kumeneku n'komwe kumautalikitsa. Kuti galimoto zolemera zisatenthe mabuleki potsika kapena kulephera pokwera, mtsetse supitirira mamita 5 pa mamita 100 aliwonse. Werengerani nokha: kungofika pansi kumafuna makilomita oposa 3 ndi theka, kukwera chimodzimodzi.

Kakumbidwe kake n'koboola ndi kuphulitsa. Koma asanaphulitse, amayamba aboola mabowo aatali ofufuzira kutsogolo. Thanthwe la kumeneko, la basalt, linapangika ndi chiphalaphala cha mapiri ophulika, motero ndi losanjikizana ndipo lili ndi ming'alu. Bowo likatulutsa madzi ambiri, kukumba kumaima kaye. Amapopera simenti yamadzimadzi mwamphamvu m'ming'aluyo, n'kudikira kuti igwire, kenaka n'kuboolanso kuti aone ngati yatsekadi. Apa mpamene pamafunika kudekha, chifukwa madzi a pa kuya kumeneko amakankha ndi mphamvu yoposa ya mpweya wa m'tayala la lole, ndipo mng'alu woti mwaufukula kale kuutseka kwake n'kovuta. Akaphulitsa, amapita patsogolo mamita ochepa chabe, amachotsa zibuma, amakhoma zitsulo zazitali m'denga ndi kulipopera konkire.

Ngakhale atero, madzi sasiya kudontha. Amawalondolera m'ngalande kupita ku thanki ya pamalo otsikitsitsa, komwe mapampu amawakwezera kunja. Thankiyo imakhala yaikulu dala kuti magetsi akazima msewu usasefukire msanga. Mchere wa m'madziwo nawo ndi mdani: umadya zitsulo, mawaya ndi mapampu omwewo, choncho kukonza sikutha. Utsi wa galimoto amaukankha mafani opachikidwa m'denga.

Chomwe chimakopa alendo ndi raundabauti ya pansi pa nyanjayo, yokongoletsedwa ndi mmisiri wa zojambula Tróndur Patursson. Sanaiikire kukongola: pamenepo msewu umagawikana kupita mbali ziwiri za Skálafjørður, chigawo cha nyanja cholowa m'kati mwa chilumba cha Eysturoy: ku Strendur ndi kufupi ndi Runavík. Mzati wa pakati pake ndi thanthwe lomwe anangolisiya osalikumba. Kudutsa n'kolipira, koma palibe poima: makamera amawerenga nambala ya galimoto, bilu imabwera pambuyo.