Osewera a NHL sananyanyale ntchito mu 2004

Anthu ambiri amakhulupirirabe kuti mpikisano wa 2004-05 wa ligi ya NHL, ya masewera a hockey ya pa madzi oundana ku Canada ndi ku United States, unalephereka chifukwa osewera adyera ananyanyala ntchito. Zoona zake n'zakuti eni matimu ndiwo anatseka zipata mu Seputembala 2004, mgwirizano wakale wa pakati pa iwo ndi osewera utatha, ndipo anasiya kulipira osewera kufikira atavomera kuti pakhale malire a ndalama zimene timu iliyonse ingawononge pa malipiro.

Bungwe la osewera, motsogozedwa ndi Bob Goodenow, linafika povomera kuti malipiro adulidwe ndi 24 peresenti, bola malirewo asakhalepo, koma eni matimu anatemetsa nkhwangwa pamwala. Pa 16 Febuluwale 2005, mkulu wa ligi Gary Bettman analengeza kuti mpikisano wonse wathetsedwa, ndipo chikho cha Stanley, chimene imalandira timu yopambana mpikisanowu, sichinaperekedwe, chinthu chimene chinachitika komaliza mu 1919. Pofika mu Julayi osewera anagonja mochititsa chifundo, pakuti malipiro aja anadulidwabe, kenako n'kulandiranso malire a madola 39 miliyoni pa timu.

Malirewo amawerengedwa potengera ndalama zimene ligi yapeza, choncho mkangano weniweni umakhala pa kagawidwe kake. Mu 2012 eni matimu anatsekanso zipata, ndipo gawo la osewera pa ndalama za ligi linatsika kuchoka pa 57 peresenti kufika pa 50, timu iliyonse n'kusewera masewero 48 okha m'malo mwa 82.