Chipukuta misozi pa imfa ndi lamulo la kuchotsa pakati: kumene mkanganowu udachokera

M'midzi ya ku Dedza ndi ku Ntcheu, pakati pakapita padera kapena mwana akabadwa wakufa kale, salira maliro ndipo sakhoma bokosi. Amayi achikulire ndiwo amanyamula mtayowo n'kukauika mwakachetechete, abambo osapondako. Koma akamwalira mayi woyembekezera, nkhani imakula, chifukwa mwinimbumba, amene kwa Achewa amakhala malume, amafuna kumva chimene chadya mbumba yake, ndipo mkamwini kapena mnyamata amene adapereka pathupipo amayenera kuyankha pamaso pa akuluakulu. Makolo athu ankalemekeza moyo wam'mimba, n'chifukwa chake ankazinga wapakati ndi miyambo yambiri, komabe mlandu wa imfa ankauzenga pa munthu amene anali ataona dzuwa.

Malamulo a kukhoti pankhaniyi ndi awiri, ndipo onse gwero lake ndi ku England. Loyamba ndi la chipukuta misozi. Kumeneko, chisanafike chaka cha 1846, munthu wovulazidwa ankatha kusumira womuvulaza, koma akamwalira mlanduwo unkathera pomwepo, mkazi ndi ana n'kutsala manja lende. Ngozi za sitima zapamtunda zitachuluka, aphungu adakhazikitsa Fatal Accidents Act, ndipo mfundo zake ndi zomwe zili m'lamulo lathu la Statute Law (Miscellaneous Provisions) Act. Lamuloli ndi lomwe limathandiza banja la munthu wogundidwa ndi minibasi pamsewu wa M1: khoti limaona ndalama zimene malemu ankapeza, limachulukitsa ndi zaka zimene akadakhala akusamala banja, kenaka limachotsapo gawo lomwe akadagwiritsa ntchito iye mwini. Opindula ndi mkazi, mwamuna, makolo ndi ana. Malume, amene pamwambo ndiye mwini mlandu, satchulidwamo.

Lachiwiri ndi loletsa kuchotsa pakati, lomwe lidatengera lamulo la ku England la 1861 n'kulowa mu Penal Code ya Nyasaland, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, limene lidayamba kugwira ntchito mu 1930. Ndime 149 imati wochotsa mayi pakati akhoza kukhala kundende zaka 14, ndime 150 imapereka zaka 7 kwa mayi wochotsa yekha, ndipo ndime 151 imapereka zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zipangizo. M'bukuli mpata uli m'ndime 243 mokha, imene imateteza wochita opaleshoni mwachikhulupiriro chabwino pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Buku lomweli limanenanso kuti mwana amakhala munthu woti n'kuphedwa pamene watuluka wamoyo m'thupi la mayi ake, mzere umene sutalikirana kwenikweni ndi wa agogo aja oika mtayo.

Vuto lili pamene malamulo awiriwa akumana. Mtsikana akamwalira atalowetsedwa kamtengo ka chinangwa kapena atamwetsedwa mankhwala ndi munthu wosadziwa zachipatala, makolo ake ali m'gulu la anthu amene lamulo la chipukuta misozi limawatchula. Koma kuti asume, ayenera kunena poyera kuti mwana wawo adachita chinthu chimene lamulo limachiyesa mlandu, ndipo mayi, azakhali kapena bwenzi amene adamuperekeza akhoza kumangidwa. Wosumiridwayo nayenso akhoza kudziteteza ponena kuti malemu adavomera yekha. Choncho pamaliro amangolengeza kuti anadwala mwadzidzidzi, ndipo amene adalandira ndalama n'kuwononga moyo wa mwana wa eni amapitiriza ntchito yake. Kwa ine, pamenepa ndi pamene pali kusalungama kwakukulu, pakuti imfa zotere si zapatalipatali: kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher Institute adapeza kuti mu 2015 mimba pafupifupi 141,000 zidachotsedwa m'dziko muno, ndipo zambiri zidabweretsa zovuta zofunika chithandizo.

Mu 2015 momwemo, nthambi yapadera ya Law Commission (bungwe lounikanso malamulo a dziko) yotsogozedwa ndi Justice Esme Chombo idapempha kuti pakhale lamulo latsopano lololeza kuchotsa pakati ngati moyo kapena thanzi la mayi lili pachiopsezo, ngati mwana ali ndi chilema chachikulu, kapena ngati mayi adagwiriridwa kapena kugonedwa ndi wachibale. Mipingo idakana kwamtuwagalu, ndipo mu Disembala 2016 Akatolika pamodzi ndi Evangelical Association of Malawi adachita zionetsero, akunena kuti moyo umayamba pamene mayi waima. Mu Malichi 2021 Nyumba ya Malamulo idakana ngakhale kungokambirana bilu yomwe phungu Matthews Ngwale adafuna kubweretsa. Anthu a ku Lizulu, kumene msewu ndiwo malire, amadziwa kuti tsidya linalo zinthu n'zosiyana, chifukwa Mozambique idaloleza mu 2014 kuchotsa pakati posapitirira masabata 12.

Kunja nako mzere uja ukusunthidwa. Mu 2024 khoti lalikulu la chigawo cha Alabama ku America lidagamula kuti mluza wosungidwa m'firiji yachipatala ndi mwana pansi pa lamulo la kumeneko la chipukuta misozi, moti makolo akhoza kusumira wouwononga. Kuno kwathu khoti lidalowera kwina: mu Okutobala 2025 bwalo lalikulu ku Blantyre lidagamula kuti kukaniza mtsikana wamng'ono wogwiriridwa chithandizo chochotsa pakati kudaphwanya ufulu wake pansi pa Gender Equality Act ya 2013. Chigamulochi chikukhudza mtsikana amene adakhala ndi moyo n'kufika kukhoti; kwa banja la amene adafera kuseri kwa nyumba ya sing'anga, ndime 149, 150 ndi 151 zikadali chotchinga pakati pawo ndi khomo la khoti.