Musanalipire fulati ku Joni, onani kaye mabuku a nyumbayo

"Lendi yake ndi zingati pamwezi?" Pafupifupi aliyense wobwera kwa ine ndi maganizo ogula fulati ku South Africa amayambira pamenepa, ndipo ndatopa nalo funsoli. Liyenera kukhala lomaliza. Ndalama imene dobadoba wakulemberani pa WhatsApp ija imadutsa m'manja ambiri isanafike m'thumba mwanu, ndipo nthawi zina siifika n'komwe.

Zoti mlendo amaloledwa kugula nyumba m'dziko limenelija sinditayapo nthawi. Ingodziwani kuti kugula fulati sikukupatsani chilolezo chokhala m'dzikomo, komanso ngati mumakhala kunja, mabanki akumeneko kawirikawiri sakubwerekani ndalama zoposa theka la mtengo wake.

Nkhani yagona apa. Mafulati ambiri amagulitsidwa mwa dongosolo la sectional title. Chanu ndi m'kati mwa fulatimo basi. Denga, chikepe, mapaipi ndi makwerero ndi za eni mafulati onse, ndipo zimayendetsedwa ndi bungwe lawo lotchedwa body corporate. Dzina lanu likangolembedwa ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa malo ndi nyumba, mwalowa m'bungwemo, mufune musafune. Mwezi ndi mwezi mumapereka levy, ndalama yosonkha ku bungweli yoyendetsera nyumba yonse, kaya mufulatimo muli munthu kaya mulibe, ndipo khonsolo nayo imafuna msonkho wake. Eni anzanu akasiya kupereka, ngongole ya madzi ndi magetsi ya nyumba yonse imakula, ndipo wosenza katunduyo ndi inu wopereka mokhulupirika.

Pali mayi wina wabizinesi wa ku Blantyre amene nkhani yake imandiwawabe mpaka lero. Anagula fulati ku Berea, m'kati mwa Johannesburg, atangoona zithunzi. Mtengo unali wotsika modabwitsa, iye n'kumati ndi mwayi. Palibe anamuuza kuti eni ambiri m'nyumbamo anasiya kalekale kupereka levy, chikepe chinafa, ndipo bungwe lija linali m'ngongole yaikulu. Posakhalitsa anamulembera special levy, ndalama yosonkha yowonjezera, yokonzera mapaipi. Kenaka madzi anayamba kuvuta, tenanti n'kunena kuti salipiranso lendi. Mayiwa anadikira. Anamva chisoni, anakhulupirira malonjezo, anadikiranso. Pamene amafika kwa ine n'kuti atatuma kale mphwake kukasintha loko pachitseko, poganiza kuti akuchita zanzeru. Kumeneko kunali kuwonjezera mlandu. Lamulo la PIE la 1998 limaletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khoti, ndipo kumutsekera kunja kapena kumudulira magetsi kumapatsa tenanti mpata wokusumirani inuyo ku Rental Housing Tribunal, bwalo loweruza mikangano ya eni nyumba ndi matenanti. Akanalemba kalata yochenjeza mwezi woyamba womwewo, njira ya kukhoti ikanayamba msanga. Mwezi uliwonse umene anazengereza unali wake wolipira levy pa nyumba yogona wina mwaulere.

Chimene chinandipweteka koposa ndi cha ndalama zogulira. Anazitumiza kudzera kwa osintha ndalama amseri, pothawa mzere ndi mafunso a kubanki. Ndikudziwa kuti ndalama zakunja n'zosowa kwathu kuno, ndiponso kuti malamulo a Reserve Bank of Malawi ndi okhwima. Koma ndalama yolowa ku South Africa popanda chikalata cha banki ilibe umboni woti inachokera kunja, ndipo umboni umenewo ndiwo adzakufunseni tsiku limene mwagulitsa n'kufuna kutulutsa zanu.

Za SARS, bungwe lotolera misonkho ku South Africa, nazo anthu amachita ngati sakumva. Lendi ya nyumba ya m'dzikomo imadulidwa msonkho m'dzikomo, ngakhale inu mukugona ku Area 47.

Tsono a dobadoba. Munthu wogulitsa nyumba movomerezeka ayenera kukhala ndi chikalata chotchedwa Fidelity Fund Certificate chochokera ku PPRA, bungwe loyang'anira ogulitsa nyumba. Mufunseni. Akayamba zoti "bwana, tonse ndife akumudzi, tisavutane," tsekani foni. Ndalama ya dipoziti ipite ku trust account (akaunti yosungira ndalama za makasitomala) ya loya wosintha umwini, amene mungathe kumufufuza ku Legal Practice Council, bungwe loyang'anira maloya, osati ku akaunti ya munthu. Ndipo nambala ya akauntiyo muitsimikize poimba foni ku ofesi yake, chifukwa akuba amatumiza maimelo onamizira kuti yasintha. M'kati mwa Johannesburg muli nyumba zolandidwa ndi zigawenga zimene zimatolera lendi ngati zawo. Nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, imene inapsa mu Ogasiti 2023 n'kupha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi anzathu, inali yotero. Fulati yotchipa mopitirira m'madera amenewa ili ndi chifukwa chake.

Musanasaine chilichonse, pemphani malipoti a zachuma a body corporate ounikidwa ndi owerengera ndalama, mfundo za msonkhano wawo wapachaka, mndandanda wa ngongole za levy, ndi kuchuluka kwa ndalama zosungira zokonzera nyumba, zimene lamulo la 2011 limalamula kuti zikhalepo. Wogulitsa akamazemba kupereka zimenezi, kapena akamati wina abwera ndi ndalama mawa, musiyeni agulitse kwa winayo.