Akavalo a mitengo ndi sitima zopanda injini

Ndikamakumbuka paki ya zisangalalo imene tinkapitako ndili mwana, chimene chimayamba kundibwerera ndi thabwa. Linkaima pakhomo lokwerera roller coaster, sitima yothamanga panjanji yokwera ndi kutsika, lili ndi mzere wofiira, ndipo mwana aliyense ankayenera kuimapo kaye kuti amuyeze msinkhu. Mutu ukapanda kufika pamzerewo, basi, bwerera. Ine ndinabwezedwa zaka ziwiri zotsatizana. Ulendo wachiwiri ndinayesa kuimira zala zakumapazi, koma mnyamata wapakhomoyo anangondiyang'ana kumapazi n'kupukusa mutu. "Udzabwere chaka chamawa, iwe." Bambo anga anandigwira paphewa n'kunditengera kwa akavalo ozungulira, ine misozi ili chuchuchu, poti akavalowo ndinkawaona ngati masewera a makanda.

Sindinkadziwa kuti akavalo ndinkawanyozawo ndiwo anali nkhalakale pamalo onsewo. Chiyambi chawo ndi masewera a asilikali okwera pa akavalo enieni, amene ankathamangitsa kavalo n'kumayesa kulasa kamphete kolendewera pogwiritsa ntchito mkondo. Ku France masewera oterewa ankawatcha carrousel, ndipo mu 1662 Mfumu Louis XIV inachititsa ena aakulu kwambiri pokondwerera kubadwa kwa mwana wake wamwamuna. Bwalo limene anachitirapo mu Paris mpaka lero limatchedwa Place du Carrousel. Patapita nthawi kunabwera akavalo osema, omangiriridwa ku mtengo wapakati, ndipo wozungulitsa ankakhala munthu kapena bulu. Injini ya nthunzi inafika cha m'ma 1860 ku England, ndipo Frederick Savage wa ku King's Lynn anatchuka popanga makina amene kavalo wake ankakwera n'kumatsika ngati akuthamangadi. Kamphete kaja sikanatheretu. Ku America ana ankatambasula dzanja kuti akatsomphole akamadutsa, ndipo wotola kamkuwa ankakweranso ulere. Osema akavalowo analinso ochenjera: mbali yoyang'ana kunja, kumene kuli makolo ndi matikiti awo, ankaikongoletsa ndi maluwa ndi timagalasi, koma mbali yamkati ankangoidutsa mwachidule.

Chaka chachitatu mutu wanga unapitirira mzere uja. Zimene zinachitika sitima itayamba kutsika sindizikumbuka bwino, chifukwa maso ndinatseka. Ndimakumbuka kukwera. Tcheni likukoka pang'onopang'ono, pansi pa mpando pakumveka kha-kha-kha, anthu pansipo akunka nachepa, ine tsemwe lili thupi lonse. Phokoso limenelo ndinkaliyesa chizindikiro choti china chake chatsala pang'ono kuthyoka. Chikhalirecho ndi kachitsulo kamene kamagwa m'mano a njanji kuti tcheni litati laduka, sitima isabwerere chambuyo. Choncho chimene chinkandiopsa kwambiri ndicho chinkandisunga. Sitima zambiri zoterezi zilibenso injini. Zikafika pamwamba pa chitunda choyamba, zimangotulidwa, ndipo ulendo wonse wotsalawo zimauyenda ndi mphamvu ya kugwa komweko. N'chifukwa chake chitunda choyamba chimakhala chachitali kuposa zinzake.

Masewerawa anayambira pa madzi oundana. M'zaka za m'ma 1600 anthu a ku Russia ankamanga nsanja zamitengo zokhala ndi chitsetso, n'kuthirapo madzi m'nyengo yozizira kuti aundane, kenako n'kumatsetsereka. Mu 1817 mu Paris munatsegulidwa zitsetso za ngolo zamagudumu zoyenda panjanji, ndipo anazitcha mapiri a ku Russia. Dzinali lidakalipo m'Chifalansa ndi m'Chisipanishi. Choseketsa n'chakuti a ku Russia eniakewo amazitcha mapiri a ku America.

Nawo a ku America anali ndi njira yawoyawo, ndipo inadzera ku mgodi wa malasha. Ku Mauch Chunk, m'chigawo cha Pennsylvania, anamanga njanji mu 1827 yotsitsira malasha kuchokera kuphiri kupita kumtsinje. Ngolo zinkatsika zokha, abulu n'kumazikokera kumtunda zikakhuthulidwa. Anthu anayamba kupempha kuti akwere nawo, ndipo pofika m'ma 1870 njanjiyo inasiya malasha n'kumangonyamula alendo ofuna kukuwa. LaMarcus Thompson anatengera nzeru yotereyi n'kumanga Switchback Railway ku Coney Island, mu New York, mu 1884. Ankalipiritsa masenti 5, ndipo liwiro lake linali pafupifupi makilomita 10 pa ola, loti wapanjinga akhoza kukupitirira. Komabe anthu ankaima pamzere. Liwiro lenileni linatheka pambuyo pa 1919, John Miller atatulukira magudumu ogwira njanji chapansi, moti sitima singauluke ngakhale chitsetso chitakhala chowongoka motani. Cyclone ya ku Coney Island, yomangidwa ndi matabwa mu 1927, ndi ya m'badwo umenewo, ndipo ikugwirabe ntchito.

Nanga zinatani kuti zonsezi zisonkhane mu mpanda umodzi, wokhala ndi geti ndi wogulitsa matikiti?

Paki yakale kwambiri imene ikadalipo ndi Bakken, kumpoto kwa Copenhagen ku Denmark. Mbiri yake imayambira mu 1583, pamene kunkhalango ina kunapezeka kasupe. Madzi a mumzindawo anali oipa, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti a pakasupepo amachiritsa. Kumene kwadzaza anthu sikusowa wamalonda, woimba ndi wamatsenga, ndipo m'kupita kwa zaka kasupeyo anaiwalika, zisangalalo n'kutsala. Mu 1843 Georg Carstensen anatsegula Tivoli mumzinda womwewo. Amati anakopa Mfumu Christian VIII poiuza kuti anthu akamasangalala saganiza za ndale. Kaya mawuwo ananenadi choncho, koma malowo anapatsidwa. Ku Tivoli kuli roller coaster ya mu 1914 imene mpaka pano pamakhala munthu wogwira buleki pakati pa okwera.

Ku America ambiri mwa mapaki oyamba anamangidwa ndi makampani a sitima zamagetsi zoyenda m'misewu ya m'tauni. Mkati mwa sabata sitimazo zinkadzaza ndi apantchito, koma Loweruka ndi Lamlungu zinkayenda zopanda anthu. Ndiye eniake ankagula malo kumapeto kwa njanji, n'kuikapo bwalo lovinira, akavalo ozungulira ndi mabwato, kuti mabanja akhale ndi chifukwa chogulira tikiti. Kennywood, pafupi ndi Pittsburgh, inayamba motero mu 1898. Zimandikhudza ndikaganiza kuti agogo angati a kumeneko anakalamba akusimba za tsiku losaiwalika la ubwana wawo, pamene tsikulo linabadwa m'buku la akaunti la kampani ya sitima.

Chigudumu chachikulu chija, chimene ambirife tinaonerapo dziko kuchokera m'mwamba koyamba, chinabwera chifukwa cha mpikisano. Paris inali itadabwitsa dziko ndi nsanja ya Eiffel mu 1889, ndipo okonza chionetsero cha ku Chicago cha mu 1893 ankafuna chawo choti chiyankhe. Injiniya wina wa milatho, George Ferris, anamanga gudumu lotalika mamita pafupifupi 80, lokhala ndi timanyumba 36, kalikonse kotha kunyamula anthu 60. Ferris anamwalira mu 1896 ali ndi zaka 37 zokha, atazingwa ndi ngongole ndi milandu, ndipo gudumu lake analiphwasula ndi mabomba ku St. Louis mu 1906. Dzina lokha ndilo linatsala.

Coney Island inafika pachimake zaka za m'ma 1900 zikuyamba, itakhala ndi mapaki atatu oyandikana: Steeplechase ya mu 1897, Luna Park ya mu 1903 ndi Dreamland ya mu 1904. Nthawi imeneyo nyumba zambiri zinalibe magetsi, ndiye tangoganizani munthu wozolowera nyali akulowa mu Luna Park usiku, mababu zikwizikwi ali ngwee. Koma malo amenewa sanali kwenikweni a ana. Ankadzaza ndi anyamata ndi atsikana apantchito, ndipo masewera ambiri anapangidwa dala kuti awagundanitse, mtsikana agwere pa mnyamata popanda wonena kanthu. Matabwa ndi magetsi sizinkagwirizananso. Dreamland inapsa yonse mu 1911, Luna Park inapsa mu 1944, ndipo Steeplechase inatsekedwa mu 1964. Mavuto a zachuma a m'ma 1930, nkhondo, kenako galimoto ndi wailesi yakanema, zinapha mapaki mazanamazana. Otsalawo ambiri anali auve, odzaza ndi anthu okuwa pofuna kukudyera ndalama.

Apa ndi pamene Walt Disney akulowera, ndipo nkhani ya kupukwa ubwana ikusintha. Iye ankasimba kuti maganizo anamubwerera atakhala pabenchi ku Griffith Park, mu Los Angeles, akuonerera ana ake aakazi awiri ali pa akavalo ozungulira, iye alibe chochita. Ankafuna malo oti kholo ndi mwana asangalalire limodzi. Anakaona Tivoli n'kusirira ukhondo wake. Kenako anagula minda ya malalanje ku Anaheim, maekala 160, n'kumangapo Disneyland ndi ndalama zokwana madola 17 miliyoni. Tsiku lotsegulira, pa 17 July 1955, linali la chipwirikiti: matikiti achinyengo anachulukitsa anthu, mipopi ya madzi akumwa sinkatuluka kanthu chifukwa okonza mipopi anali atanyanyala ntchito, ndipo phula linali losauma moti nsapato za amayi zinkatitimira.

Chimene Disney anachita mosiyana ndi anzake chili pakhomo penipeni. Ukangolowa, umayamba wadutsa mu Main Street, msewu wa katauni ka ku America ka cha m'ma 1900. Anautengera kwambiri ku Marceline, ku Missouri, kumene anakhalako ali mwana kuyambira mu 1906. Bambo wa zaka 53 anamanganso ubwana wake, atauchotsa matope, ndowe za akavalo ndi umphawi umene banja lawo linadutsamo. Omanga anagwiritsanso ntchito chinyengo cha maso: chipinda chapansi ndi chachikulu bwino, chapamwamba n'chocheperako, chapamwamba pake n'chochepa koposa, kuti nyumba izioneka yaitali koma yosaopsa. Nyumba yachifumu yotchuka ya pakati pa pakiyo ndi yotalika mamita 23 okha. Choncho alendo oyamba a mu 1955 analipira kuti akapukwe nthawi imene ambiri a iwo sanakhalemo n'komwe. Ana amene anawagwira padzanja tsiku limenelo anakula n'kumapukwa Disneyland yeniyeniyo, nawonso n'kubweretsa ana awo. Mapaki ambiri padziko anatengera njira imeneyi, ena posankha mbiri yakwawo. Gold Reef City ya ku Johannesburg inamangidwa pa mgodi wakale wa golide, ndipo imakuonetsa tauni ya nthawi ya migodi itapakidwa penti yowala.

Sindikunena kuti chimwemwe chathucho chinali chabodza. Chizungulire chinali chenicheni, ndipo dzanja la bambo anga linalidi paphewa langa. Koma fungo, nyimbo, ngakhale kupindika kwa mzere wodikirira kuti usaone kutalika kwake, zonsezo anakhalira pansi anthu ena n'kuzikonza kuti zidzatikhale m'mutu.

Ndipo si mwana aliyense amene anabwezedwa pageti chifukwa cha msinkhu. M'kalata imene Martin Luther King Jr. analemba ali m'ndende ku Birmingham mu 1963, anatchulamo ululu wofotokozera mwana wake wamkazi wa zaka 6 chifukwa chimene sangapitire ku Funtown, paki imene ankaiona ikutsatsidwa pa wailesi yakanema koma inali yoletsedwa kwa ana akuda. Ku Glen Echo, pafupi ndi Washington, ophunzira akuda anakwera akavalo ozungulira mu 1960 n'kumangidwa, ndipo pakiyo inatsegulira onse chaka chotsatira. Gwynn Oak ya ku Baltimore inagonja pa 28 August 1963, tsiku lomwelo limene King ankalankhula ku chinamtindi cha anthu mu Washington. Mwana wakuda woyamba kukwera akavalo a pamenepo anali wa miyezi 11, bambo ake atamugwirizira. Akavalo a makanda aja, amene ine ndinkalira nditakwezedwapo, ena anagona m'chitokosi chifukwa cha iwo.

Mapaki amafa kawirikawiri kuposa mmene timaganizira, chifukwa malo amene amakhalapo amadzakwera mtengo kuposa matikiti. Ratanga Junction ya ku Cape Town inatsegulidwa mu 1998 n'kutsekedwa mu 2018, ndipo pamalopo panabwera nyumba ndi maofesi. Zaka 20 zokha, koma zinakwana kulera m'badwo wathunthu umene lero umaloza mawindo a maofesi n'kumauza ana kuti apa panali sitima yotembenuza anthu chadodolido.

Yathu ija ikadalipo. Ndinapitako ndi mwana wa mchemwali wanga, ndipo zonse ndinazipeza zitafupika: chitunda chimene ndinkati chimagunda mitambo, geti, ngakhale mtunda wochoka poimika galimoto. Thabwa analisintha, tsopano ndi lachitsulo, ndipo mzere wake umandifika m'chifuwa. Mwanayo anaperewera ndi zala ziwiri. Ndinamuona akuyamba kukweza zidendene pang'onopang'ono, maso ali pa mtsikana wapakhomo.

"Malume, ndafikatu, eti?"

Mtsikanayo anali atayang'ana kale kumapazi.