Mchere, BP ndi kuyiwala kwa agogo

Achibale akabwera ndi gogo wawo kuchipatala kuti wayamba kuyiwala, akusochera panjira yomwe wayendamo moyo wake wonse, akufunsa funso limodzimodzi kangapo asanamalize ndi kapu ya tiyi yomwe, chinthu choyamba chomwe ndimachita ndikumuyeza BP. Ena amadabwa, amati adokotala vuto lili m'mutu inu mukugwira pamkono bwanji. Nde kuti zimveke bwino ndikambe za munthu mmodzi amene wathera zaka zoposa 40 akulimbana ndi funso lomweli, Pulofesa Costantino Iadecola.

A Iadecola ndi a ku Italy, udokotala anaphunzira ku Rome nkumaliza mu 1977, kenako anapita ku New York kukachita kafukufuku ku yunivesite ya Cornell. M'zaka za m'ma 1990 anali ku yunivesite ya Minnesota, mu 2001 anabwerera ku Cornell komwe amatsogolera malo ofufuza za ubongo otchedwa Feil Family Brain and Mind Research Institute. Anzawo ambiri ankathamangira maselo oganiza aja, ma neuron, iwo anakakamira pa mitsempha ya magazi, chinthu chomwe nthawi imeneyo ambiri ankachiona ngati nkhani yotha kale.

Ubongo ndi wochepa, pafupifupi 2 peresenti ya kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya okosijeni yemwe thupi lonse limagwiritsa ntchito, ndipo chakudya chomwe umasunga nchochepa kwambiri. Magazi akasiya kufika kwa masekondi ngati 10 munthu amakomoka basi. Nde pali kachitidwe kena kodabwitsa, mbali ya ubongo yomwe ikugwira ntchito panthawiyo imaitanitsa magazi owonjezera ndipo timitsempha ta pamenepo timatseguka m'masekondi ochepa. Zili ngati mlimi wa pasikimu amene amatsegulira madzi pandime yokhayo yomwe ikufunika kuthirira. Zimenezi asayansi awiri, Roy ndi Sherrington, anazilemba kale mu 1890 ku England, koma funso loti amatsegula ndani, nanga chimachitika nchani akalephera, ndi lomwe a Iadecola analitenga.

Mmene amayezera mu labu ndizosangalatsa. Amatenga mbewa, izi zoweta mwaukhondo osati zapamsewu zija, amaigoneka ndi mankhwala nkumasisita ndevu zake uku kachipangizo ka laser kakuyeza magazi pa kachigawo ka ubongo komwe kamalandira uthenga wochokera kundevuko. Mbewa yabwinobwino ukangoyamba kusisita magazi amakwera pompo. Mbewa yomwe aikweza BP, kukwerako kumakhala kofooka, ubongo ukupempha koma zikubwera zochepa. Kungoyambira m'ma 1990 iwo anali m'gulu la anthu omwe anaonetsa kuti kampweya kotchedwa nitric oxide, komwe kamapangidwa ndi khoma lamkati la mtsempha komanso ndi ma neuron ena, nkofunika kwambiri pakutsegukaku.

Apa ndipomwe nkhani ya Alzheimer, matenda odziwika oyiwalitsa okalamba, imalowa. Kale madokotala ankati kuyiwala kwa okalamba kumabwera chifukwa cha kuuma kwa mitsempha. Ndiye mu 1984 asayansi awiri, Glenner ndi Wong, anapeza puloteni yotchedwa amyloid yomwe imaunjikana mu ubongo wa odwala Alzheimer, ndalama ndi chidwi zonse zinasamukira kumeneko, mitsempha inaiwalika. Chomwe chimandiseketsa nchoti amyloid woyambayo anamuchotsa m'makoma a mitsempha ya magazi ya mu ubongo yomweyo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 labu ya a Iadecola inaonetsa kuti mbewa zomwe zinapangidwa kuti zizichulukitsa amyloid, mitsempha yawo imayamba kulephera ntchito ma plaque, timibulu ta amyloid mu ubongo, asanaoneke nkomwe, ndipo zikadali zosayamba kuyiwala. Nthawi yomweyo ku America kunali kafukufuku wa asisitere 678 omwe anavomera kuti ubongo wawo udzaunikidwe akadzamwalira, ndipo mu 1997 David Snowdon ndi anzake anapeza kuti mwa omwe ubongo wawo unali ndi zizindikiro za Alzheimer, amene analinso ndi timasitiroko ting'onoting'ono ndi omwe ankadwala kuyiwala kwambiri kuposa anzawo. Masiku ano tikudziwa kuti okalamba ambiri a dementia, kuyiwala kofika polepheretsa munthu kudzisamalira, amakhala ndi mavuto onse awiri pamodzi.

Nanga BP imaononga bwanji? Ambiri timangoganiza zoti mtsempha uphulika kapena utsekeka munthu nkufa ziwalo. Izo zilipo. Koma pali kuononga kwina kwapang'onopang'ono komwe kumadutsira mu asilikali a thupi. Pambali pa mitsempha ya mu ubongo pamakhala maselo achitetezo otchedwa macrophage, ntchito yawo ndikulondera ndi kutola zinyalala. Mu 2016 Giuseppe Faraco ndi a Iadecola anaonetsa mu mbewa kuti BP ikakwera, homoni yokweza BP yotchedwa angiotensin II imadutsa khoma la mtsempha lomwe layamba kuchucha nkukaputa alondawa, iwo nkuyamba kutulutsa tinthu towononga tomwe timadya nitric oxide uja. Atawachotsa maselowa, mitsempha inayambanso kugwira ntchito ndipo mbewa zinayambanso kukumbuka. Madokotala tikamati kutupa mu ubongo nthawi zambiri sitikunena chotupa chooneka ndi maso ngati cha pabondo, tikunena chitetezo chomwe chapsa mtima ndipo chikuvulaza eni ake.

Kafukufuku wawo amene anamveka kwambiri ndi wa mchere, mu 2018. Anadyetsa mbewa chakudya cha mchere wochuluka maulendo 8 mpaka 16 kuposa wanthawi zonse. Patatha masabata 8 magazi opita ku ubongo anatsika ndi pafupifupi kota, kenako mbewa zija zinayamba kulephera kusiyanitsa chinthu chatsopano ndi chakale, kusochera mu njira zoyeserera, mpaka kumanga chisa komwe mbewa iliyonse imadziwa kunayamba kuzivuta. Chodabwitsa nchoti BP sinakwere. Vuto linayambira m'matumbo, komwe mchere unachulukitsa maselo achitetezo otulutsa kapuloteni kotchedwa IL-17, IL-17 nkuyenda m'magazi mpaka kukafooketsa nitric oxide m'mitsempha ya mu ubongo. Zitabwezeredwa pa chakudya chabwinobwino zinachira. Mu 2019 anaonjezera kuti kuchepa kwa nitric oxide kumapangitsa puloteni ya tau, ina yomwe imaunjikana mu ubongo wa odwala Alzheimer, kusintha nkuyamba kuunjikana.

Koma tisathamange, mbewa si munthu, komanso mchere anazipatsawo ndi wambiri zedi. Matenda ambirimbiri achiritsidwapo mu mbewa koma pa anthu nkukanika. Ine chomwe chimandipatsa mphamvu ndi umboni wa pa anthu. Kafukufuku wa SPRINT MIND ku America, wa anthu oposa 9,000, anayerekeza kutsitsa nambala yapamwamba ya BP kufika pansi pa 120 ndi kungoitsitsa pansi pa 140, ndipo mu 2019 zinatuluka kuti oyambawo chiopsezo cha kuyiwala koyambirira chinachepa ndi 19 peresenti. Pa dementia yeniyeniyo kusiyana sikunakwane kutsimikizira, mwa zina chifukwa kafukufukuyo anaimitsidwa msanga ataona kuti kutsitsa BP kukupulumutsa kale mitima ya anthu. Gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2024 linati pafupifupi 45 peresenti ya dementia ikukhudzana ndi zinthu 14 zomwe tingazisinthe, ndipo BP, shuga, fodya, kunenepa ndi mafuta m'magazi zonsezi ndi nkhani za mitsempha.

Kuno ku Malawi kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi pa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka kwambiri sankadziwa. WHO imati mchere usapose magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi basi, nde werengani wa m'ndiwo, wa pausipa wouma, wa m'timakyubu tokometsera tija ndi wothira pambale musanalawe nkomwe. Chimandiwawa nchoti gogo akayamba kuyenda usiku kapena kulankhula zosamveka, m'midzi ina amayamba kumuloza chala kuti ndi mfiti pomwe ndi ubongo womwe wakhala ukuperewera magazi kwa zaka 20 kapena 30.

Kuonongekaku kumayamba munthu ali ndi zaka za m'ma 40 ndi 50, akadali wamphamvu, mutu osapweteka. Nchifukwa chake ndikamaliza kuyeza gogo ndimapempha mwana wake amene wamuperekezayo kuti naye apinde malaya, ndipo amene ali kale pa mankhwala a BP ngati amlodipine kapena HCTZ ndimamufunsa ngati akumwa tsiku ndi tsiku kapena amangomwa mutu ukamupweteka.