Si kachilombo kalikonse kamene kali vayirasi

Pamsika wa Mzuzu ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti kolera ija inavuta ku Nkhata Bay mu 2022 inali "vayirasi". Chibwerereni Covid mu 2020, mawu achingereziwa tikungowapachika pa mliri uliwonse, poganiza kuti ndilo dzina lachizungu la tizilombo tonse toyambitsa matenda. Ayi ndithu.

Kolera imayamba ndi bakiteriya wotchedwa Vibrio cholerae, amene timamwera m'madzi oipitsidwa ndi chimbudzi. Malungo ali ndi kachilombo kawokawo, Plasmodium, kobwera ndi udzudzu. Mavayirasi ndi a chimfine, chikuku, Covid ndi Edzi.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa imakathera pa mankhwala. Kukazizira mu June, chifunga chitakuta dera lonse la Chibavi mu Mzuzu, ana amayamba kutuluka mamina ndipo makolo amathamangira kukagula amoxicillin. Mankhwalawa amapha mabakiteriya basi, vayirasi ya chimfine saikhudza n'komwe. Mwana amameza makapisozi pachabe, kwinaku mabakiteriya a m'thupi mwake akuwazolowera, moti tsiku lodzadwala chibayo mwina mankhwalawo sadzagwiranso ntchito. Wodwala kolera naye chomupulumutsa choyamba ndi Thanzi ORS, azimwa ali m'njira yopita kuchipatala.