Mantha a zokwera za ku Luna Park: zimene zimachitika m'thupi ndi momwe amathera

Kumapeto kwa Ogasiti, chionetsero cha zaulimi chikatsegulidwa ku Exhibition Park muno mu Harare, mabanja a ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Mabvuku amadzaza makombi. Akuluakulu amapita kukaona ng'ombe ndi mathirakitala, koma ana mtima umakhala uli ku Luna Park. Pafupifupi gulu lililonse limakhala ndi munthu mmodzi wosunga katundu. Amaima kunja kwa mpanda atakolekera majuzi a anzake paphewa, n'kumati, "Kwerani inu, ine ndikujambulani." Ambiri mwa anthu otere ndi aakulu msinkhu, ndipo anasiya kukwera ali ana. Anzawo amawaseka kuti ndi amantha, koma vuto lawo silikhala limodzi. Ena zimawadwalitsa, ena zimawaopsa, ndipo mankhwala a ziwirizi ndi osiyana.

Tiyambe ndi kudwala. Mkati mwa khutu lililonse muli timachubu titatu topindika todzaza madzi, tomwe timamva mutu ukatembenuka. Mulinso timatumba tiwiri tokhala ndi timiyala tosaoneka ndi maso, tomwe timamva thupi likamakwera, likamatsika kapena likamasintha liwiro. Mukakwera makapu ozungulira aja, madzi a m'timachubu amayamba kuyenda, ndipo makina akaima madziwo amapitirizabe kwa masekondi angapo. Maso amati mwaima, khutu limati mukuzungulirabe. Ubongo ukalandira mauthenga otsutsana chonchi umabweretsa chizungulire, thukuta lozizira, malovu ambiri m'kamwa, kenako nseru. Apa kulimba mtima sikuthandiza kanthu. Chothandiza n'kudya pang'ono ola limodzi kapena awiri musanakwere, osati kukwera ndi njala kapena mutangotsiriza mbale ya sadza ndi nyama yamafuta. Tsamiritsani mutu kumbuyo kuti usagwedezeke, ndipo muziyang'ana kutsogolo, kutali. Mapiritsi a cinnarizine, amene m'mafamase amadziwika ndi dzina la Stugeron, amamwedwa maola awiri musanakwere. Amagonetsa, choncho woyendetsa galimoto pobwerera asamwe, ndipo mlingo wa mwana mufunse kwa wa kufamase. Mapiritsiwa amaletsa nseru basi, mantha sawakhudza.

Mantha ali ndi njira yake. Kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kakaona kutalika kapena liwiro, kamachenjeza thupi munthu asanaganize n'komwe. Timadzi ta m'thupi totchedwa adrenaline timathiridwa m'magazi, mtima umathamanga, manja amanyowa, miyendo imanjenjemera. Chimene chimaopsa anthu kwambiri chimachokera ku kapumidwe. Munthu akamapuma mwawefuwefu amataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa muyeso, ndipo zala ndi milomo zimachita dzanzi, mutu n'kupepuka. Iye amaganiza kuti akufa kapena akomoka, mantha n'kuwonjezeka, kupuma n'kufulumiranso. Kumva ngati m'mimba mwatsala m'mwamba potsika nakonso si ngozi. Kwa kamphindi thupi ndi mpando zimagwa pa liwiro limodzi, ndiye ziwalo zam'mimba zimasiya kutsamirana monga mwa masiku onse.

Chimene chimasunga mantha amenewa zaka 30 kapena 40 ndi mpumulo umene munthu amamva akakana kukwera. Akangoti "ayi", mtima umatsika nthawi yomweyo, ndipo ubongo umaphunzira kuti wapulumuka chifukwa chothawa. Sulandira mpata woona kuti akanakwera akanatsikanso bwinobwino. Kukakamiza nako kumawononga chimodzimodzi. Mwana amene amalume ake anamukweza akulira, ena akuseka pansi, amaphunzira kuti pamakina paja palibe womumvera. Makolo, chonde, mwana akakana musamunyamule. Tikiti yotayika ndi yotchipa poyerekeza ndi zimene mungamusiyire.

Njira imene imagwira ntchito ndi yokumana ndi choopsacho pang'onopang'ono, mwa kufuna kwa mwini wake. Joseph Wolpe, dokotala wa matenda a maganizo wobadwira ku Johannesburg, anailongosola m'zaka za m'ma 1950. Pambuyo pake Lars-Göran Öst, katswiri wa zamaganizo wa ku Sweden, anaonetsa kuti mantha a chinthu chimodzi angathe kuchepa kwambiri pa gawo limodzi la maola osapitirira atatu, ngati munthu akutsogoleredwa bwino.

Mungayambe nokha motere. Pitani tsiku la m'kati mwa sabata, kapena nthawi imene anthu ndi ochepa, chifukwa kudikira pamzere wautali kumakulitsa mantha kuposa kukwera kwenikweniko. Ku Longcheng Plaza ku Belvedere kulinso zokwera, choncho simuyenera kudikira Ogasiti. Tengani munthu mmodzi wodekha, osati gulu la ojambula. Mantha anu muziwapatsa nambala, kuyambira 0 mpaka 10. Imani pafupi ndi makinawo mphindi 10 kapena 15, muziyang'ana nkhope za otsika. Kenako kwerani chofatsa kwambiri, monga mahatchi ozungulira aja a ana. Nambala ikafika pa 7, bwerezani chomwecho kachiwiri, kachitatu, mpaka itatsika pa 3 kapena 4, ndiye mupite ku gudumu lalikulu. Ambiri amalakwitsa apa: amakwera kamodzi atatseka maso, atakukuta mano, n'kutsika akuti "sindidzabwerezanso". Ulendo umodzi wotero umangotsimikizira ubongo kuti zinali zoopsadi. Kubwereza tsiku lomwelo ndiko kumaphunzitsa. Monga akulu amanenera, pang'onopang'ono ndi mtolo.

Muli pampando, maso akhale otsegula. Kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 6. Ngati kuwerenga kukukanikani, kuwani ndithu, chifukwa wokuwa amatulutsa mpweya m'malo moubanika. Mowa wolimbitsa mtima ayi. Umasokoneza khutu lamkati lija, umawonjezera nseru, ndipo mawa lake ubongo umati wakupulumutsani ndi mowawo.

Kudziwa makinawo kumachotsa mbali ina ya mantha. Phokoso la "ke-ke-ke" limene limamveka roller coaster, ngolo zothamanga panjanji yokwera ndi kutsika, ikamakwera phiri loyamba si chitsulo chothyoka. Ndi kachitsulo kamene kamagwera m'mano a njanji kuti ngolo isabwerere m'mbuyo tcheni chikaduka kapena magetsi akathima. Ngolo zamakono zimagwira njanji ndi mateyala a mitundu itatu: apamwamba, am'mbali ndi apansi, moti sizinganyamuke kuchoka panjanji. Mabuleki ake anapangidwa kuti mphamvu ikasowa azitseka okha. Muno mu Harare, momwe kuthima kwa magetsi tinakuzolowera, mfundo iyi ndi yofunika: makina akaima muli m'mwamba, khalani pomwepo, musamasule lamba, musayese kutsika nokha. Dikirani ogwira ntchito.

Izi sizikutanthauza kuti makina alionse ndi oyenera kuwakhulupirira. Zokwera zoyendayenda zimamasulidwa ndi kumangidwanso malo alionse, ndiye maso anu agwire ntchito. Onani ngati pali mpanda wotchinga anthu, ngati miyendo ya makina yakhazikika pa zotsamira zolimba, komanso ngati woyendetsa akuyendera mpando uliwonse kukoka chitsulo chotchinga asanayatse. Inunso chikokeni, mumve kuti chakhoma. Mukaona woyendetsa maso ali pafoni pamene anthu akukwera, chokanipo, ndipo kumeneko si mantha. Muyeso wa kutalika kwa mwana musakanganirane nawo. Chitsulo chija anachipangira thupi la msinkhu winawake, ndipo mwana wamfupi angathe kutsetserekera pansi pake n'kugwa.

Pali anthu amene sayenera kukwera zothamanga ngakhale atakhala olimba mtima chotani: amayi oyembekezera, odwala mtima, a BP yosatsika ndi mankhwala, ovutika khosi kapena msana, ndi amene achitidwa opaleshoni posachedwa. Wodwala khunyu afunse kaye kuchipatala, makamaka ngati magetsi othwanima amamuyambitsira matendawo. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena mutu waukulu wosazolowereka mutatsika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Munthu amene sakonda zokwera koma moyo wake ukuyenda bwino safunika chithandizo chilichonse. Nkhani imasintha mantha akafalikira kwina: mukayamba kukana chikepe cha ku Joina City, kuzemba masitepe oyenda okha, kutsika kombi panjira chifukwa mtima wathamanga, kapena kulephera kugona masiku angapo ana akangotchula za ku chionetsero. Zikapitirira miyezi 6 zikukulepheretsani zinthu, kaonaneni ndi katswiri wa zamaganizo ndipo mufunse mwachindunji za chithandizo chokumana ndi mantha pang'onopang'ono. Ngati pamwamba pa manthawo pali nkhawa ndi kuganiza kwambiri, kumene anzathu a Chishona amati kufungisisa, poyambira papafupi ndi Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006, pomwe agogo ophunzitsidwa amacheza ndi anthu pa mabenchi a m'makiliniki. Mungafunse kwa anamwino a pa kiliniki ya m'dera lanu.